Kwa mayi amene afunsa za mwana wofuna kujambula nyumba

Mayi, mwafunsa ngati mtsikana wanu amene wamaliza décima segunda, kalasi yomaliza ya sekondale, angadye nayo ntchito yojambula nyumba, komanso ngati angasunge nayo banja. Ine ndimagwira yomweyo kuno ku Tete, kwathu ndi ku Ulongwe, ndiye ndikuuzeni mmene ndimaionera.

Sukulu yake ilipo, ku yunivesite ya Eduardo Mondlane ku Maputo gawo la arquitectura, maphunziro ojambula mapulani a nyumba, linatsegulidwa mu 1986, ina ili ku yunivesite ya UniLúrio ku Nampula. Konseko ndi kutali, konzekerani za lendi, chakudya ndi laputopu yamphamvu yonyamula AutoCAD, pulogalamu yojambulira mapulani, yotchipa ija imaima pakati pa ntchito.

Koma chimene ndikufuna mumve ndi ichi, anthu amaona ngati planta, pulani ya nyumba, ndi chithunzi chabe, munthu amabwera ndi foni akuti ndaona nyumba iyi pa Facebook ndijambulireni yomweyi, osadziwa kuti nyumba ya ku Angónia kumene June ndi July timagona ndi mabulangete awiri siingafanane ndi ya mu mzinda wa Tete kumene October kutentha kumapyola 40. Kunoko ukaika mawindo akuluakulu kuyang'ana kumadzulo, denga lotsika la malata opanda siling'i, wawaphika anthu m'nyumba yawo yomwe. Pamafunika khonde lalikulu, denga lokwera, mpweya uzilowa uku nkutulukira uko. Nanga nthaka? Aliyense anaona zimene mtsinje wa Revúbuè unachita mu January 2022 nthawi ya namondwe Ana, mlatho unaduka, nyumba za m'mphepete zinalowa madzi. Ine munthu asanandiuze za mtundu wa matailosi ndimayamba ndapita pamalopo, ndione madzi amadutsa pati, ndifunse ngati ali ndi DUAT, chikalata cha boma chomulola kugwiritsa ntchito malowo, chifukwa popanda mapepala a malo ku município (khonsolo) licença yomangira satulutsa.

Za ndalama ndinene zoona, imadyetsa koma siili ngati ya mphunzitsi yoti mwezi ukatha ukudziwa. Malasha a ku Moatize atayamba kutuluka mu 2011 aliyense amamanga nyumba zalendi, ntchito inali mbwee, kenako zinazizira. Kumudzi anthu amamanga akagulitsa mbatatesi kapena fodya, ndiye miyezi ina umangodikira. Ndipo abale, ayi ndithu, amafuna zaulere, ine ndinajambulapo ya malume mpaka lero angoti zikomo mphwanga. Mumuphunzitse msanga kulandira theka asanayambe.

Kunyumba nako kumavuta, sindibisa. Loweruka ndimakhala ku obra, pamalo omangapo, kukangana ndi pedreiro, mmisiri womanga, amene wachepetsa zitsulo kuti simenti ndi ndalama zitsale, usiku ndili pa kompyuta ana agona kale. Akazi anga anadandaulapo kuti nyumba za eni ndimazisamala kuposa yathu, zinandipweteka chifukwa zinali zoona, panopa Lamulungu foni ya makasitomala sindiyankha.

Poti ndi mtsikana, amisiri ena adzamuyesa poyamba, adzafuna kumva kwa mwamuna. Ndagwirapo ndi azimayi pa ntchitoyi, akangoonetsa kuti akudziwa muyezo wa maziko ndi kasakanizidwe ka konkire onse amakhala chete. Tchuthi chikubwerachi mupezereni obra yapafupi azikaonerera kuyambira pokumba maziko mpaka pokhoma denga, akabwerako ali fumbi lokhalokha nkunena kuti mawa ndipitanso, mulipireni sukuluyo mayi.