Chotupa cha pa apendikisi: bwanji sakungochipopa ndi singano?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota. Amayi ake a zaka 56 akhala akumva kupweteka kwa mwapansipansi m'chinena chakumanja kwa miyezi ingapo. Atawapanga sikani, anapeza chotupa chokhala ndi zamadzimadzi. Wopima wina akuganizira thumba la mazira, wina apendikisi, ndipo awauza kuti apite ku Lilongwe akajambulidwe pa makina a CT. Funso lawo ndi lakuti, ngati ndi madzi chabe, bwanji osangowapopa n'kubwerera kunyumba?

Achemwali, limenelo ndiye lisachitike. Apendikisi ndi kathumbo kakang'ono ngati chala, kotsekeka kumapeto, kamene kali pamene matumbo aakulu amayambira. M'kati mwake mumatuluka zonanda ngati therere. Khomo lake likatsekeka, kapena khungu la m'kati likayamba kukula molakwika, zonandazo zimadzadza ndipo kathumboko kamafufuma. Madokotala amati mucocele. Si nthenda yofala. Pa maapendikisi 100 ochotsedwa, sapeza n'imodzi yomwe yotere. Imakonda anthu opitirira zaka 50.

Chovuta n'chakuti siichita phokoso. Apendikisi amene timamudziwa tonse amagwetsa munthu tsiku limodzi, thupi kutentha, kusanza, kuyenda chowerama. Uyu ayi. Ena amangomva kuwawa kobwera n'kupita, ena amakhudza kabulunga posamba, ambiri amapezeka nacho mwangozi akuwajambulira zina.

Musawaone ngati osadziwa ntchito opimawo. Mwa amayi, apendikisi ndi thumba la mazira lakumanja n'zoyandikana kwambiri, moti pa sikani wamba, yemwe uja amapaka mafuta ozizira pamimba ya woyembekezera, n'kosavuta kusokoneza. Wa diso lakuthwa amafunafuna mizere yosanjikizana m'kati mwa chotupacho, ngati anyezi wodulidwa pakati. Amayezanso kunenepa kwake: apendikisi wabwinobwino sapitirira mamilimita 6, koma akadutsa 15 amayamba kuganizira za mucocele. CT ndiyo imadula mlandu bwino, chifukwa imaonetsa ngati chotupacho chalumikizika ku matumbo aakulu, ngati khoma lake lili ndi timiyala toyera, komanso ngati zonandazo zatayikira kale m'mimba.

Kutayikako ndiye kumene timaopa. Zina mwa zotupazi zimakhala ndi maselo oti akamwazika amamera pena paliponse m'mimba n'kumapitiriza kutulutsa zonanda mpaka mimba kudzadza. Nthenda imeneyo, pseudomyxoma peritonei, ndi yovuta kuichiza. N'chifukwa chake dokotala amachotsa kathumbo konse kathunthu osakaphulitsa. Ndionjezepo apa, poti ndikudziwa m'mene timachitira kumudzi: osawatsindika pamimba pofuna kusungunula chotupacho, ndipo mphini sizifikako.

Ngati ndi khansa kapena ayi, chithunzi chokha sichinganene motsimikiza. Yankho limabwera akachichotsa n'kukachipima ku labu. Angawauzenso zowaunika m'matumbo aakulu ndi kapaipi kokhala ndi kamera, poti nthawi zina kumapezekanso chotupa china kumeneko.

Choncho yendani ulendo wa ku Kamuzu Central, mutenge kalata yotumizira, buku lakuchipatala ndi pepala la sikani yoyambayo. Ululu ukakula mwadzidzidzi, thupi n'kutentha kapena mimba kuuma gwa, musadikire tsiku limene anakupatsani, thamangirani ku chipatala cha pafupi ngakhale usiku.