Kwa mnyamata wofuna ntchito yokutira zitsulo ndi nickel ndi cobalt

Mnyamata wina amene wangolandira zotsatira za MSCE walemba kuti anaonera pa YouTube anthu akukutira zitsulo ndi nickel ndi cobalt, yomwenso ndi mitundu ya zitsulo, pogwiritsa ntchito magetsi, ndipo akufuna kutsegula bizinesi yotere kuseri kwa nyumba, pomwe bambo ake akumuumiriza kuti akaphunzire zamalamulo. Makalata ngati iyi amandipeza kawirikawiri.

Mwanawe, zimene unaonerazo ndi mapeto chabe a ntchito yaitali. Chitsulo chimayamba chatsukidwa mpaka mafuta onse atachoka, kenako chimaviikidwa mu asidi kuti dzimbiri lithe, pakuti ngakhale thukuta la chala limachititsa kuti chokutiracho chisendeke ngati khungu la mbatata yophika. Madzi a m'thanki yoviikamo chitsulo pochikutira amene mafakitale ambiri amagwiritsa ntchito ndi aja anakonza Oliver Watts mu 1916, osakaniza nickel sulphate, nickel chloride ndi boric acid, ndipo amayenera kukhala otentha pafupifupi madigiri 55 Celsius, pH yake (muyeso wa mphamvu ya asidi) ili cha pa 4. Ukathiramo cobalt kuti chokutiracho chilimbe, vuto lina limabuka, chifukwa cobalt amamatirira pa chitsulo msanga kuposa nickel, motero amachepa mofulumira m'madzimo, ndipo munthu wosadziwa kuyeza amapeza kuti zitsulo za m'mawa zasiyana ndi za madzulo. Mankhwalawa amayambitsa ziwengo, nthunzi yake imawononga mapapo, ndipo madzi otsala sangathiridwe m'ngalande momwe ana amasewera. Za kuseri kwa nyumbazo uziiwale.

Ngati chemistry, physics ndi masamu unakhoza bwino, funsira malo a chemical engineering ku MUST ku Thyolo kapena a metallurgy (sayansi ya zitsulo) ku MUBAS ku Blantyre. Udziwiretu kuti malo okutira zitsulo m'Malawi muno ndi ochepa kwambiri, ndipo mwina udzayambira m'labotale ya mgodi kapena yoyeza madzi, kapenanso udzafunika kupita ku South Africa kumene kuli mafakitale a zipangizo za galimoto.

Inu bambo, zimanditopetsa kuona mwana wokonda sayansi akukankhidwira ku zamalamulo chifukwa choti dzina la loya limamveka bwino pamudzi. Amene adzakhale m'kalasimo ndi iyeyo. Chidwi chake n'chosakhwima, komabe chili ndi kolowera, ndipo akatsegula buku la chemistry m'malo mwa foni, ndingamulimbikitse kuti afunsire malowo chaka chino.