Liva ya buleki ili patali: yankho kwa achemwali a ku Luwinga

Achemwali ena a ku Luwinga andilembera imelo. Akuti anagula njinga ya kaunjika ya mabuleki a disiki oyendera oyilo, a Shimano, koma zala zawo sizifikira bwino liva. Akamatsika mtsetse wa msewu wa ku Nkhata Bay dzanja limachita dzanzi, ndipo makaniko wina wawauza kuti achepetse oyilo kuti livayo iyandikire.

Achemwali, oyiloyo musamukhudze. Mukamuchepetsa mulowa mpweya, ndipo tsiku lina mudzafinya liva mpaka kuhandulo njinga ili chithamangire.

Mwini wake woyamba ayenera kuti anali wa zikhatho zikuluzikulu, basi. Yambani ndi pamene liva yakhala. Masulani pang'ono bawuti imene yaimanga kuhandulo (nthawi zambiri aleni kiyi wa 4mm kapena 5mm), muikankhire chakukati, kutali ndi labala yogwirira, mpaka chala chamkombaphala chizigwera penipeni pa kangowe ka kumapeto kwa liva. Mabulekiwa mphamvu ali nazo kale, chala chimodzi chikwana, zikavuta ziwiri. Zala zinazo zizigwira handulo. Ambiri tinaphunzirira pa njinga za mabuleki a ndodo, zonga za asakaramento (akabaza) athu mu Mzuzu muno, zofinya ndi dzanja lonse, ndiye chizolowezicho sichitha msanga.

Musanamange, khalani pa chishalo. Liva iweramire pansi pang'ono, mkono, chikhatho ndi chala zikhale mzere umodzi. Dzanzi lija kawirikawiri limachokera apa, dzanja likamapindikira m'mwamba. Pomanga musalimbitse ngati bawuti ya thiraki: mukagwa, bola liva itembenuke kusiyana ndi kuthyoka.

Tsopano kasikuluwu koyandikizira liva kuhandulo. Suzumirani pamene liva yalumikizana ndi thupi lake, mupeza kadzenje ka aleni kiyi wamng'ono, 2mm kapena 2.5mm. Ma Shimano okwererapo mtengo monga SLX ndi XT ali ndi kagudumu kopotokola ndi zala. Potokolani theka, muone kumene liva yalowera. Ikatalikira, bwererani mbali inayo. Muleke pamene mfundo yoyamba ya chala ikukola liva osatambasula dzanja. Werengani kuti mwapotokola kangati, liva inayo ifanane. Mwezi wa June ndi July, m'mawa mwa Mzuzu muja timavala magulovesi, yesaninso nawo.

Chimene anthu amasokoneza ndi ichi: kasikuluwuko kamangosuntha poyambira liva, sikawonjezera mphamvu ya buleki. Mukayandikiza mopyola, liva idzakanikiza zala zanu kuhandulo buleki isanagwire mokwanira. Finyani ndi mphamvu njinga ili chiimire. Pazitsala mpata woti chala n'kulowa. Ngati liva ikufewa ngati siponji, nkumalimba mukaipopa kangapo, muli mpweya, ndipo imeneyo ndi ntchito ya bleeding, yochotsa mpweya mu oyilo. Apa funsitsitsani makaniko chimene akuthira. Shimano ndi Tektro amafuna mineral oil. Buleki fuludi wa galimoto, wa DOT, amatupitsa timalabala ta m'kati, liva n'kutheratu. Onaninso mapadi, aja amapana disiki: a Shimano akatsala 0.5mm ndiye kuti atha. Ndipo mukachotsa wilo musafinye liva, mapadi amakumana, disiki n'kukana kulowa.

Mukamaliza musathamangire ku Nkhata Bay. Yesani kaye pabwalo lathyathyathya, buleki yakumbuyo payokha, yakutsogolo payokha, aleni kiyi ali m'thumba, chifukwa ine ndimaima kawiri kapena katatu ndisanakhutire.