Sitima kapena basi: mwana apite bwanji kusukulu kuno ku Zomba?

Mayi wina wa ku Matawale wanditumizira imelo, akuti kunyumba kwawo kwabuka mtsutso. Ali ndi ana awiri a pulayimale amene amapita kusukulu m'tauni tsiku lililonse, ndipo mwana wa achemwali awo wa ku Nayuchi wasankhidwa kudzayamba Fomu 1 pasukulu yogonera komweko kuno ku Zomba. Amuna awo, amene anakulira ku Balaka, akuti kwa ana sitima ndiyo yabwino kuposa basi. Mayiwa akufuna kudziwa kuti zoona n'ziti.

Mayi, bambowo sakunama. Sitima ili ndi njira yakeyake, silimbirana msewu ndi malole ndi akabaza, sithamangitsana ndi inzake pofuna kutola anthu pasiteji. Kungoti mumzinda wa Zomba mulibe njanji. Ngakhale pamene Zomba inali likulu la dziko, mpaka 1975, njanji sinafike kuno. Imachoka ku Limbe n'kudzera ku Lirangwe mpaka ku Nkaya ndi Balaka, ndipo pa Nkaya pali mphanda ina, imene inatsegulidwa mu 1970, yodutsa ku Liwonde kupita ku Nayuchi mpaka ku Nacala ku Mozambique. Siteshoni ya Liwonde ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchokera kuno. Sitima ya anthu, imene kampani ya CEAR inayamba kuyendetsa itatenga njanji m'manja mwa Malawi Railways mu 1999, siyenda tsiku ndi tsiku. Zambiri zimene mumamva zikulira ku Liwonde ndi sitima zamalasha zochokera ku Moatize ku Mozambique. Choncho kwa ana anu awiriwo nkhani ya sitima tiiike pambali.

Funso lanu lenileni ndi lakuti: basi yake iti? Apa ndi pamene mtima wanga umawawa. Imani pamsewu wa M3 cha ku Chinamwali m'mawa muone. Mwana wa Sitandade 2 wamupanikiza pakati pa akuluakulu, chikwama pamiyendo, chifukwa kondakitala amamuona ngati wotha malo koma ndalama yake yochepa. Ena atatu akwezedwa panjinga yamoto imodzi, popanda ndi mmodzi yemwe wovala chipewa chodzitetezera. Makolo sachita izi chifukwa chosakonda ana, ayi. Ndalama ndi zovuta, ndipo mafuta akasowa mtengo wokwerera umakwera tsiku lomwelo.

Chimene ndimalimbikitsa ine ndi minibasi ya ana okhaokha, imene makolo a dera limodzi agwirizana ndi mwini wake n'kumalipira pamwezi. Koma musangopereka ndalama chifukwa anansi anu akupereka. Kaonaneni ndi dalaivalayo maso ndi maso. Pemphani akuonetseni laisensi, inshuwalansi ndi COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ili bwino moti ingayende pamsewu), ndipo musachite manyazi kuyang'ana matayala ngati sanathe. Muwerengenso mipando. Vuto lalikulu la mabasi a ana n'lakuti eni ake amati ana ndi aang'ono, ndiye amawathithikiza kuwirikiza chiwerengero chimene galimoto inapangidwira. Muuzane poyambirira kuti ana akhala angati, ndipo mwana aliyense akhale pampando wake. Pakhalenso munthu wamkulu wina kupatula dalaivala, wotsegula chitseko ndi kuwolotsa ana pamsewu, chifukwa nthawi yoopsa kwambiri ndi pamene mwana watsika n'kuthamangira kutsidya osayang'ana.

Mufunsenso za nthawi. Basi imodzi ikamatola ana ku Matawale, ku Chinamwali, ku Sadzi mpaka ku Mpondabwino, woyamba kukwera amadzutsidwa kusanache n'kukafika m'kalasi akusinza. Ngati sukulu yabwino ili pafupi moti ana angayende wapansi m'gulu, wamkulu akuwaperekeza, ine ndingasankhe zimenezo kusiyana ndi ulendo wozungulira tauni yonse. Nthawi ya dzinja yokha ndiye muzisamala ngati njira yawo imawoloka mtsinje monga Likangala kapena timakhwawa totsika m'phiri, poti madzi ake amadzadza mwadzidzidzi.

Tsopano za mwana wa ku Nayuchi. Apa bambo apambana. Mwana wopita kusukulu yogonera amanyamula matiresi, ndowa, sutikesi, mwinanso kathumba ka chiponde ndi zokazinga. Katundu wotere m'minibasi amamulipiritsa padera, n'kumupondereza kumbuyo. M'sitima malo alipo, ndipo misewu yafumbi ya kumeneko ikachita matope, njanji ndiyo imathandiza anthu. Akwere sitima mpaka ku Liwonde, kenako minibasi yodzera ku Machinga, Malosa ndi Domasi kudzafika ku Zomba.

Chovuta n'chakuti tsiku la sitima silitsata kalendala ya sukulu, ndipo imatha kuchedwa. Achemwali anu akafunse kusiteshoni kudakali sabata kapena awiri teremu isanayambe. Ngati sitima ikuyenda masiku angapo sukulu isanatsegulidwe, mwanayo abwere msanga adzagone kwa inu ku Matawale, inu mudzamuperekeze tsiku lotsegulira. Ulendo woyambawu asayende yekha. Mwana wa Fomu 1 amene sanatulukepo m'mudzi akatsika pa Liwonde kutada, oitanira akulimbirana katundu wake, amasokonezeka. Ngati palibe womuperekeza kuchokera kwawo, mmodzi wa inu akamuchingamire pasiteshoni, ndipo nambala yanu ya foni mumulembere papepala aike m'thumba la malaya, osati m'sutikesi.