Masabata atatu mu motorhome ku Scotland: madzi, nsima, chimbudzi ndi nkhani ya apongozi

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Luton kuno ku England, dzina sinditchula poti sanandipatse chilolezo. Akuti bambo akunyumba aumirira zoti holide ya chaka chino abwereke motorhome, galimoto yokhala ndi mogona ndi mophikira momwemo, azungulire Scotland masabata atatu, iwo awiri, ana awiri, kuphatikizapo mayi awo owabereka amene akubwera kuchokera ku Zomba kudzacheza. Nde funso lawo linali lakuti, "Zithunzi zanu ndaziona ndi zokongola, koma tsiku limayenda bwanji mmenemo? Mumasamba kuti, nsima imaphikika, nanga chimbudzi? Komanso mayi anga ndi mkamwini wawo angagone bwanji mgalimoto imodzi?"

Achemwali, zikomo pondilembera, ndipo mwafunsa zenizeni, zimene anthu sajambula.

Ndiyambe ndi madzi chifukwa tsiku lonse mu motorhome limazungulira pamenepo. Galimoto imene ife tinabwereka inali ndi thanki ya malita pafupifupi 100, ndipo tsiku loyamba lenilenilo ana anasamba ngati ali kunyumba ku Manchester, shawa ili pwaa akuimba nyimbo, pofika madzulo pampu inangoyamba kulira yopanda kanthu. Ana obadwira kuno sadziwa kuti madzi amatha. Ine ndinakulira kotunga pamjigo, ndowa pamutu mmawa tisanapite kusukulu, nde mutu unangobwerera wokha kumeneko: beseni limodzi lotsukira mbale, lina lotsukuluzira, madzi osamba ufunditse mu ketulo uthire mkabeseni, kapu mmanja. Mayi anu a ku Zomba sadzafunika kuwaphunzitsa zimenezi, mudzaona kuti iwowo ndi amene adzayendetse nyumbayo. Madzi akuda a musinki ndi a mshawa satayikira pansi ayi, amapita muthanki ina pansi pa galimoto, ndipo imeneyo mumakaikhuthula pamalo ake ku campsite, malo amene apaulendo amaimikapo galimoto ndi kugona. Chenjezo langa ndi makoko a nsima, musalole olo pang'ono kuti alowe musinki, akakhala muthankimo masiku awiri fungo lake limabwerera mpaipi usiku ndipo simugona. Mpoto tinkauviika panja, makoko kukokota ndi kutaya mubini, kenako nkutsuka.

Chimbudzi chilimo, koma ndi kabokosi kapulasitiki kotuluka ngati dilowa pakachitseko kakunja, amati cassette, mumathiramo mankhwala a buluu kapena obiriwira. Kwa anthu asanu kadzadza tsiku limodzi ndi theka, mwina awiri basi. Kukhuthula kwake ndi pamalo olembedwa chemical disposal kapena Elsan point, osati mchimbudzi cha anthu onse chapamsewu, osatinso patchire. Nkhani imeneyi ndimaitenga mwamphamvu chifukwa anthu a mmidzi ya kumpoto kwa Scotland akhala akudandaula kwambiri ndi alendo otaya zonyansa mmbali mwa msewu ndi mmitsinje, ndipo akunena zoona, ndi kwawo, nkhosa zawo zimamwa madzi omwewo. Ife tinagwirizana kuti chimbudzi chamgalimoto ndi cha usiku ndi cha ana, masana aliyense azipita cha pa campsite kapena pamene taima kumwa tiyi. Ntchito yokhuthula anaitenga bambo a ana, mmawa uliwonse asanamwe chilichonse, magolovesi kumanja, ndipo sanadandaulepo.

Tsiku lathu linkayamba cha mma 7. Mawindo onse amakhala atachita thukuta ndi mpweya wa anthu ogona, nde choyamba ndi kupukuta ndi kutsegula kazenera kakudenga. Bedi la ana linali tebulo lodyera limene usiku limatsitsidwa, kutanthauza kuti phala silingadyedwe mpaka ana adzuke ndi kupinda zofunda. Mukatha kudya kuli mwambo wonyamuka, ndipo musamaudumphe: kutseka gasi, kuzula chingwe cha magetsi nkuchikulunga, kutseka makabati onse mpaka amveke kuti kha, kukhoma chitseko cha firiji, kutsitsa mazenera akudenga, kukweza sitepe yapakhomo. Tsiku lina tinaiwala kabati imodzi, pakona yoyamba botolo la mafuta ophikira linagwa nkutsanukira pansi ponse, tinataya ola lathunthu tikukolopa pa lay-by, poimapo magalimoto mmbali mwa msewu, mvula ikugwa. Kuyambira pamenepo mwana wathu wamkazi ndi amene ankazungulira kugwira kabati iliyonse asanakhale pampando, anaitenga ngati udindo wake ndithu.

Ife tinanyamukira ku Manchester, msewu wa M6 mpaka Carlisle, kulowa Scotland pa Gretna nkutsata M74. Inu poti mukhala ndi mayi, chonde mukaime pa Blantyre, Blantyre yoyambayo imene mzinda wathu unatengerako dzina mu 1876, ili kufupi ndi Glasgow mmbali mwa mtsinje wa Clyde. Pamenepo pali nyumba imene David Livingstone anabadwiramo mu 1813, mdadada wotchedwa Shuttle Row umene munkakhala anthu ogwira ntchito pafakitale ya thonje, ndipo banja lawo lonse linkakhala mchipinda chimodzi, kuphika momwemo kugona momwemo, iye nkuyamba ntchito pafakitalepo ali ndi zaka 10. Ana anga anaima pakhomo pa chipindacho akuyang'ana mabedi olowa mkhoma aja, wamng'ono nkunena kuti amayi, ndi chimodzimodzi galimoto yathu. Tinakhalapo mpaka masana ngakhale pulani inali ya ola limodzi.

Kuchoka apo ndi A9 kudutsa Perth mpaka Inverness, pamene pamayambira njira yotchuka ija ya North Coast 500, imene anaikhazikitsa mu 2015, mamailosi 516 kuzungulira kumpoto konse nkubwereranso pa Inverness pomwepo. Nambala imeneyo isakunyengeni. Munthu wozolowera M1 amawerenga kuti mamailosi 100 ndi maola awiri, koma kumadzulo ndi kumpoto uko, madera a Durness, Lochinver mpaka Applecross, misewu yambiri ndi ya galimoto imodzi, yokhala ndi timalo topatukira totchedwa passing place. Ikabwera ina kutsogolo amene ali pafupi ndi kamaloko ndi amene amaima, kakakhala kumanzere mumalowamo, kakakhala kumanja mumaima moyang'anizana nako mnzanuyo ndi amene alowemo, ndipo mumakwezerana dzanja podutsana, aliyense amatero. Mukaona galimoto yatsekeredwa kumbuyo kwanu patukani idutse, mwina ndi nesi akuthamangira wodwala kapena munthu akupita kuntchito, inu ndi amene muli paholide. Pamalo amenewo sapakikapo galimoto kuti mujambule zithunzi. Ife tinaona kuti mamailosi 50 kapena 60 patsiku ndi okwana, ndipo masiku ena sitinkayenda nkomwe. Msewu wokwera phiri wopita ku Applecross, Bealach na Bà, umafika mamita 626 ndi makona okhota ngati a pa Golodi popita ku Livingstonia, ndipo pansi pake pali chikwangwani chochenjeza magalimoto akuluakulu. Mverani chikwangwanicho, zungulirani njira ya mmbali mwa nyanja yodzera ku Shieldaig, ndi yokongolanso.

Bambo akunyumbawo aonetsetse za laisensi musanalipire dipoziti. Laisensi wamba ya kuno imalola galimoto yosapitirira makilogalamu 3,500, ndipo motorhome ya anthu asanu ndi mmodzi imakhala kale pafupi ndi malire amenewo musanaikemo katundu, pamene lita iliyonse ya madzi ndi kilogalamu imodzi, nde thanki yodzadza ndi ngati mwakweza munthu wina wamkulu. Werenganinso malamba apampando osati mabedi okha, zilipo zina zogona anthu asanu ndi mmodzi koma malamba anayi, ndipo galimoto ikamayenda palibe wogona pabedi, olo mayi atatopa bwanji. Ku Scotland malire a mowa kwa woyendetsa ndi otsika kuposa a ku England kuyambira 2014, kotero amene akuyendetsa mmawa asamale ndi zausiku.

Pofika cha mma 3 kapena 4 tinkakhala tafika pogona. Apa ntchito yoyamba ndi kuimika galimoto mowongoka, pali timapulasitiki tokwezera matayala, ine ndinkaika mbale ya madzi patebulo nkumakuwa kuti pitani patsogolo pang'ono, basi imani. Ikapendekeka mumagona mutu uli kumunsi, madzi a mshawa satsika, ndipo firiji za mtundu woyendera gasi sizizizira bwino. Kenako kulumikiza magetsi, koma magetsi a pa campsite ndi ochepa, mukayatsa ketulo ndi hita nthawi imodzi amazima nde mutuluke mumvula kukakweza switch pamtengo paja. Anthu ena adzakuuzani kuti ku Scotland umagona paliponse mwaulere. Ufulu umenewo, wa lamulo la 2003, ndi wa munthu woyenda pansi ndi tenti yake, sukhudza galimoto. Ndi ana komanso munthu wamkulu ine ndingati bukani ma campsite, ndipo mubukiretu miyezi ingapo chifukwa July ndi August amadzadza.

Nsima imaphikika bwinobwino, musade nkhawa. Ufa mugulire konko ku Luton mmashopu aja a zakudya zakwathu, chifukwa mukadutsa Inverness musayembekeze kuupeza, muuthire mchigoba chotseka bwino osati mpepala lake chifukwa chinyezi ndi chambiri. Tengani mpoto wanu, mthiko ndi chipande, mapoto a mgalimoto zobwereka ndi opyapyala amapsereza. Mbaula yake ndi yaing'ono nde povundula wina agwire mpoto, ndipo zenera la kudenga likhale lotsegula apo ayi nthunzi yonse ithera pa zofunda. Usipa ndi matemba okha ndi zimene ndingati kazingirani panja pa kambaula kapadera, fungo limalowa mmakatani ndi mmipando ndipo pobweza galimoto akhoza kukudulani ndalama yoyeretsera. Madzulo ena ku Ullapool tinagula nsomba zatsopano, ndinaphika ndi tomato ndi anyezi basi, tinadya nsima chitseko chili chotsegula tikuona sitima ya ku Stornoway ikutuluka padoko, nthawi ili cha mma 9 koma kunja kuli mbee ngati 4 koloko masana. Mu June kumeneko dzuwa limalowa 10 koloko itadutsa ndipo mdima weniweni subwera, ana amakana kugona, nde mawotchi ndi amene azilamula osati kuwala.

Chimene chidzakulowetseni mnyumba msanga ndi tizilombo totchedwa midges, tating'ono ngati nkhungu za ku Nkhata Bay koma iti timaluma, timabwera gulu madzulo kukakhala bata makamaka kumadzulo kuja kuyambira June mpaka August. Kukakhala kamphepo kulibe, choncho posankha poimika sankhani poyera osati pansi pa mitengo. Gulani mankhwala odzola ndi tineti tovala kumutu, ndipo ana akasewera muudzu wautali muziwayang'ana nkhupakupa asanagone.

Tsopano za mayi ndi mkamwini wawo, limene ndikuona kuti ndilo funso lenileni mu imelo yanu. Musalipeputse ndipo wina asakuuzeni kuti ndi zachikale. Motorhome mkati mwake ndi masitepe asanu kapena asanu ndi limodzi, mumamvana kupuma, munthu akalowa mchimbudzi aliyense amadziwa, ndipo mayi a msinkhu umenewo akhoza kupirira masabata atatu osanena kanthu koma akuvutika mumtima, osamwa madzi madzulo poopa kudzuka usiku mkamwini ali pomwepo. Ine ndikanakhala inu ndikanachita chonchi: mayi apatsidwe bedi lakumbuyo, lapansi losakwera makwerero, loyandikana ndi chimbudzi, agone ndi mdzukulu wamkazi, pakati mumange chingwe mupachike zitenje ziwiri zochindikala. Bambo akhale ndi katenti kawo panja pambali pa galimoto, ma campsite ambiri amalola mukawauza pobuka, kapena ngati kukuzizira agone bedi la pamwamba pa dalaivala koma mmawa azidzuka oyamba, atenge cassette ndi tawulo lawo apite ku mabafa a campsite, akhaleko mpaka mayi asambe avale. Ola limenelo la mmawa ndi limene lidzasunge ulemu mnyumbamo. Ndipo mukambirane nawo bambowo muli ku Luton konko, musanapereke ndalama, osati mutafika kale ku Durness.

Lamulungu muwatengere mayi kutchalitchi cha mmudzi umene mwagona. Ngati ndi a CCAP adzazindikira zambiri, kakhalidwe ka mabenchi, akulu ampingo pakhomo, maimbidwe ena a nyimbo, poti mpingo wathu mizu yake ndi ya komweko, Robert Laws wa ku Livingstonia anali wa ku Aberdeen. Ife tinalowa kena kakang'ono, anthu osakwana makumi awiri, atamva kuti ndife a ku Malawi gogo wina anandigwira dzanja osalisiya, anatikakamiza tiyi ndi masikono mpaka ulendo wa tsiku limenelo tinausiya. Mugule buledi ndi mkaka Loweruka, ndipo dizilo muzithira thanki ikafika theka, mmidzi ina mashopu Lamulungu amatseka kapena amatsegula maola ochepa.

Mukasankha masiku ndi mtundu wa galimoto mundilembere, ndikutumizirani mndandanda wa zimene ife tinanyamula ndi zimene tinabwera nazo osazigwiritsa ntchito. Mundiperekere moni kwa mayi akafika.