Kodi ma growth factor angachiritse chiwindi chowonongeka ndi shuga?

Mwafunsa ngati mankhwala a growth factor (mapuloteni olimbikitsa maselo kukula ndi kuchuluka) angakonze chiwindi chomwe chadzaza mafuta chifukwa cha matenda a shuga. Pakadali pano akadali pa kafukufuku. Omwe afika patali ndi otsanzira FGF21 (growth factor yothandiza thupi kugwiritsa ntchito mafuta ndi shuga), monga efruxifermin, jakisoni wobaya kamodzi pa sabata. Amachepetsa mafuta ndi zipsera m'chiwindi, koma ena amachita naye nseru ndi kutsegula m'mimba. Growth factor ina, HGF, yomwe imachulukitsa maselo a chiwindi, yayesedwa kwambiri pa makoswe, ndipo nkhawa ndi yoti chochulukitsa maselo chingakulitsenso khansa.

Chonde musagule zobaya pa intaneti. Pemphani dokotala akuwerengereni FIB-4 (nambala yochokera ku zaka zanu ndi zotsatira za magazi, yosonyeza ngati chiwindi chingakhale ndi zipsera), ikaposa 1.3, mukapimidwe ndi FibroScan, makina oyeza kuuma kwa chiwindi. Kuchepetsa thupi ndi 7 mpaka 10 peresenti kumathandizadi, ndipo pioglitazone kapena semaglutide amathandiza shuga ndi chiwindi chomwe.