Achemwali opita ku Wageningen, yambani ndi chaka cha 2010

Achemwali, mwafunsa kuti poti mukupita kukaphunzira ku Wageningen, muyambire pati kuti anzanu a ku Netherlands akamacheza za ndale ndi za masewero musamangokhala duu. Ndaona ena akukulangizani kuti muwerenge mbiri yonse ya dzikolo. Ine ndikuti nthawi ikucheperani. Tengani chaka chimodzi muchidziwe bwinobwino, ndipo chikhale cha 2010, chifukwa zambiri zimene mukazipeze lero zinamera chaka chimenecho.

Poyambira pake ndi apa: kumapeto kwa Disembala, nyumba youlutsa nkhani ya NOS imakonza pulogalamu yobwereza zikuluzikulu za chaka chonse, yotchedwa Jaaroverzicht, ndipo pamakhala inanso ya masewero okhaokha. Isakeni pa intaneti. Chilankhulo chikakuvutani, muzioneranso Jeugdjournaal, nkhani za ana za tsiku ndi tsiku. Amalankhula modekha, ndipo khutu limazolowera msanga.

Pa ndale mpamene ndikufuna mukhalitse. Mu Febuluwale 2010 boma la Jan Peter Balkenende linagwa chifukwa zipani zinalephera kumvana ngati asilikali awo apitirize kukhala ku Uruzgan, ku Afghanistan. Chisankho chinachitika pa 9 Juni. Nyumba ya malamulo yawo ili ndi mipando 150, ndipo kuti boma liyende pamafunika 76. Zipani zikuluzikulu zinachita motere: VVD ya Mark Rutte inapeza 31, PvdA 30, PVV ya Geert Wilders 24, CDA 21. Mukuona, wopambanayo sanafike n'komwe pa theka. Kumeneko anthu sasankha mtsogoleri wa boma mwachindunji monga timachitira kwathu. Amavotera zipani, kenako zipanizo zimakhala pansi miyezi n'kumakambirana kuti zigwirizana pa chiyani. Chaka chimenecho zokambirana zinatha miyezi inayi, ndipo Rutte analumbira kukhala nduna yaikulu pa 14 Okutobala. VVD ndi CDA zinali ndi mipando 52 yokha, ndiye zinadalira 24 ya Wilders, amene anavomera kuthandiza bomalo popanda chipani chake kukhala ndi nduna. Mgwirizanowo unasweka mu Epulo 2012, koma Rutte anakhalabe pampando mpaka 2024, kenako n'kukatsogolera NATO, mgwirizano wa zachitetezo wa maiko a ku Ulaya ndi ku North America.

Dzina la Wilders musalidumphe. Ndale zake n'zotsutsa Chisilamu ndi kuchuluka kwa anthu obwera, ndipo mu Novembala 2023 chipani chake chinatsogola ndi mipando 37. Inu mukupita monga mlendo, ndiye ndi bwino mudziwe kuti mkangano umenewu ulipo ndiponso kumene unachokera. Sindikukuopsezani ayi. Mukapeza anthu ambiri amene samugwirizana naye ngakhale pang'ono, ndipo amanena maganizo awo mosapsatira, ngakhale kwa mlendo.

Za mpira mukuzikumbukira, poti mpikisano wa dziko lonse unali ku South Africa konkuno. Timu yawo ya malaya a olenji, pansi pa mphunzitsi Bert van Marwijk, inapambana masewero onse asanu ndi limodzi isanafike mu fainolo, kuphatikizapo kuchotsa Brazil 2-1 ndi Uruguay 3-2. Pa 11 Julayi ku Soccer City, Johannesburg, inagonja kwa Spain 1-0, chigoli cha Iniesta pa mphindi 116. Koma chimene chimawawawa mpaka lero si chigolicho. Ndi mphindi ija Sneijder anaponyera Robben mpira pakati pa otchinga kumbuyo, Robben n'kutsala yekha ndi Casillas, goloboyi atagwera kale mbali ina, mpira n'kukhudza nsonga ya phazi lake n'kutuluka kunja. Kaonereni kachigawo kameneko. Aka kanali kachitatu kugonja mu fainolo, pambuyo pa 1974 ndi 1978, ndipo chikhochi sanachitengepo. Ena mwa iwo amachitanso manyazi ndi nkhanza za tsikulo, makamaka De Jong atamenya Xabi Alonso pachifuwa ndi jombo. Mu ligi yawo, FC Twente ndiyo inatenga ukatswiri, koyamba m'mbiri yake.

Masewero ena amene ife sitiwadziwa koma iwo amawakonda kwambiri ndi mjaha wotsetsereka pa madzi oundana. Ku Olimpiki ya ku Vancouver mu Febuluwale, Sven Kramer anapata golide pa mamita 5,000. Pa mamita 10,000 anathamanga kuposa onse, koma mphunzitsi wake Gerard Kemkers anamulozera mzere wolakwika, ndipo anamuchotsa mu mpikisano. Funsani munthu wamkulu aliyense kumeneko, akakufotokozerani ngati zachitika dzulo.

Palinso chisoni cha pa 12 Meyi. Ndege yochokera ku Johannesburg inagwa ikutera ku Tripoli, anthu 103 n'kumwalira, 70 mwa iwo a ku Netherlands. Anapulumuka mmodzi yekha, mnyamata wa zaka 9. Nkhani imeneyi muidziwe, koma musamaiyambitse pocheza, simudziwa amene anataya m'bale.

Pa 10 Okutobala zilumba zawo za ku Caribbean zinasintha kayendetsedwe: Curaçao ndi Sint Maarten zinakhala maiko odzilamulira mkati mwa ufumuwo. Pampando wachifumu panali Mfumukazi Beatrix, amene anasiyira mwana wake Willem-Alexander mu 2013.

Mukamaliza 2010, dumphirani ku 2023, kenako chaka chathachi. Mayina ambiri mukawapeza ndi omwewo, ndipo zipani zatsopano mukazimvetsa mosavuta. Poonera khalani ndi kope, muzilemba dzina la chipani, mtsogoleri wake ndi mipando imene chinapeza, poti zipani kumeneko n'zochuluka ndipo mayina ake ambiri ndi zilembo zokhazokha.